Mphete ya batire ikakanirira ku chala, musathamangire kwa wowotcherera

Abambo ambiri akafuna mphete ya Oura kapena Galaxy Ring ya Samsung amafunsa za mtundu, za batire, ndi mmene imawerengera tulo ndi kugunda kwa mtima. Za saizi safunsa. Amangotumiza uthenga kwa mphwawo ku Johannesburg kuti "undigulire nambala 10, ndi imene ndimavala." Ayi, achimwene. Mphete ya golide timaikulitsa kapena kuichepetsa. Iyi sizitheka, chifukwa mkati mwa chitsulo chake cha titanium muli kabatire ka lithium kopindika, masensa ndi timawaya. N'chifukwa chake makampani awiriwa ali ndi timphete tapulasitiki toyesera. Valani kamodzi ku chala chamkombaphala maola 24, mugone nako. Chala chimafufuma usiku, kukatentha ngati mu Okutobala, mukadya zamchere wambiri, kapena mukakhala nthawi yaitali m'ndege.

Chimene chimandipweteka mtima ndi bambo amene chala chatupa Lachisanu, koma chifukwa mphete anaigula ndalama zambiri, akupirira mpaka Lolemba poopa kuti akaidula. Akukoka, akupotokola, ndipo kukoka kulikonse kukuwonjezera kutupa. Pofika Lolemba mnofu wakwirira mphete mbali zonse ziwiri, khungu lang'ambika, mafinya ayamba. Magazi amalowa m'chala koma njira yobwerera yatsekeka. Mphete ija idzadulidwabe, mwinanso chala chomwe.

Mukangoona kuti yathina, kwezani dzanja pamwamba pa mutu mphindi 10, muliviike m'madzi ozizira, mupake sopo, muizungulize pang'onopang'ono. Ikakana, lowetsani ulusi wolimba pansi pake, mukulunge chala mothinana kudutsa pamfundo, kenako mumasule ulusiwo kuyambira kumbali ya chikhatho. Mphete imayenda yokha. Yesani kawiri basi. Chala chikachita dzanzi, kuzizira kapena kuda, siyani zonsezo, pitani kuchipatala ola lomwelo.

Kwa wowotcherera zitsulo musapiteko, chonde. Galainda imatenthetsa titanium m'kanthawi kochepa, n'kuwotcha chala kuzungulira. Ikaboola batire, batireyo ikhoza kuyaka ili pathupi panu. Odziwa ntchito amalowetsa kachitsulo kotchinga pansi pa mphete, n'kumathira madzi podula, ndipo amapewa pamene pali batire. Muwauze achipatala musanakhale pansi kuti mpheteyo ili ndi batire, ndipo mutenge kabuku kake, chifukwa poiona imangofanana ndi mphete wamba.

Mphete za chitsulo cholimba kwambiri cha tungsten carbide, zakuda zonyezimira zimene anyamata akonda masiku ano, n'zina. Kachodulira ka mphete za golide sikazikanda n'komwe. Sizidulidwa, zimaswedwa: pulayala yokhala ndi loko imamangidwa pa mphete pang'ono, kumasula, kuwonjezera pang'ono, mpaka mphete itathetheka. Tizidutswa timauluka, maso atchingidwe.

Musaisiye mphete ya batire m'galimoto yotsekedwa padzuwa, ndipo muivule mukamagwira batire ya galimoto kapena kukweza katundu. Mukaona kuti mkati mwa mphete mwatukumuka, ikutha moto msanga kuposa kale, kapena yayamba kuthina chala chisanatupe, batire yafufuma. Ivuleni lero, isabwererenso pa tchaja.