Chaka chimene Zomba inakhala mzinda, meya kunalibe

Funso ili silitha, makamaka kwa ana asukulu amene apatsidwa ntchito yolemba mbiri ya kwawo: kodi meya wa Zomba anali ndani pamene tauniyi inkakwezedwa kukhala mzinda mu 2008? Yankho ndi lakuti kunalibe. Dzina silinasowe m'mafayilo ayi, mpandowo unali wopanda munthu, ndipo ngakhale khansala mmodzi yemwe kunalibe. Komabe mupeza wina wadzaza mpatawo ndi dzina la mkulu wa khonsolo wa nthawiyo, kapena wakoka dzina la meya wam'mbuyo kuti lifike 2014, chifukwa m'mutu mwake mzinda sungakhale wopanda meya.

Kulakwitsaku kumachokera pa maganizo akuti meya ndi kapulezidenti ka mzinda. Anthu amaona mkanjo, tcheni cha pakhosi ndi galimoto, basi n'kumuyesa mwini zonse. Lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998 silinena choncho. Meya ndi khansala ngati anzake, anapambana m'wodi imodzi yokha, kenako makhansala anzake anamusankha kuti aziwatsogolera pa misonkhano. Inu simunavoterepo meya. Pa chisankho cha 2014 mzinda wa Zomba unali ndi mawodi 10, kutanthauza kuti anthu onse osankha meya akanakwana m'minibasi imodzi, mipando ina n'kutsala. Mzinda wake ndi wa anthu 105,013 malinga ndi kalembera wa 2018. Ndipo meya sakhala zaka zisanu. Nthawi yake ndi zaka ziwiri ndi theka, ndiye pakati pa zisankho ziwiri za dziko makhansala amakhalanso pansi n'kusankha kachiwiri.

Ndalama, antchito, magalimoto otola zinyalala ndi makalata onse zili m'manja mwa mkulu wa khonsolo, amene ndi wolembedwa ntchito ndipo savoteredwa. Iyeyu ndi amene amayankha mafunso ndalama za khonsolo zikasokonekera. Meya sasaina cheke, sagawa puloti, sachotsera munthu msonkho wa nyumba. Gwirani zimenezi kaye, chifukwa mbiri yonse ya khonsolo ndi nkhani ya kukokanakokana pakati pa mbali ziwirizi, ndipo nthawi zambiri mbali ya osankhidwa ndi anthu ndi imene yakhala ikugonja.

Za atsamunda tidutsepo msanga. Zomba inakhala likulu la boma la Angerezi kuyambira 1891. Makhonsolo oyamba a m'matauni, kuyambira ku Blantyre kumapeto kwa zaka za m'ma 1890, anali a eni nyumba ndi masitolo olipira msonkho, ndipo munthu wakuda analibemo mawu kwa zaka zambiri. Nkhani zawo zinali misewu, ngalande, zimbudzi ndi misika. Makhonsolo a m'maboma akumidzi anabwera mochedwa, ndi lamulo la 1953. Dziko litakhala la chipani chimodzi mu 1966, ukhansala unkadutsira ku MCP, moti khansala ankaopa kwambiri akuluakulu a chipani kusiyana ndi anthu a m'dera lake. Likulu linasamukira ku Lilongwe mu 1975, Zomba n'kutsala ndi Nyumba ya Malamulo mpaka 1994, Chancellor College imene inafika mu 1973, asilikali, apolisi ndi ndende. Mu 1979 tauniyi inakwezedwa kukhala manisipalite.

Onani bwino mndandanda wa zimene zinatsalazo. Pafupifupi zonse ndi nyumba za boma. Khonsolo ya m'tauni imadalira kwambiri msonkho wa nyumba, ndipo tauni imene nyumba zake zikuluzikulu mwini wake ndi boma imakhala ikudikira wolipira amene singamulande katundu akachedwa. Meya aliyense amene wakhalapo ku Zomba analowa m'vuto limeneli, ndiye musamamuyerekeze ndi mnzake wa ku Blantyre amene ali ndi mafakitale.

Mpata woyamba waukulu unabwera ndi matipate. Makhonsolo a nthawi ya chipani chimodzi anathetsedwa mu 1995, ndipo chisankho cha makhansala sichinachitike mpaka pa 21 Novembala 2000. Anthu amene anapita kukavota tsikulo anali pafupifupi 14 pa 100 alionse olembetsa. Lamulo la 1998 linali litasintha dzina, khonsolo n'kumatchedwa asembule, ndiye mukamafufuza mapepala a zaka zimenezo musasake mawu akuti khonsolo okha, mubwerako chimanjamanja.

Makhansala amenewo nthawi yawo inatha mu Malichi 2005. Apa ndi pamene pamandiwawa mpaka lero. Malamulo aakulu a dziko ankafuna kuti chisankho china chichitike, koma sichinachitike 2005, sichinachitike 2006, chinangokhala cha mawa mawa. Tsiku lina linaikidwa mu Epulo 2011, nalonso linadutsa, bungwe loyendetsa zisankho litatsekedwa kwa kanthawi kumapeto kwa 2010. Makhansala anadzabwereranso pa chisankho cha patatu cha pa 20 Meyi 2014. Zaka zisanu ndi zinayi. Mwana amene anayamba sitandade 1 makhansala akuchoka anali atalowa sekondale pamene ankabwerera.

M'zaka zimenezo khonsolo sinatseke zitseko. Msonkho unkatoleredwa, ziphaso za malonda zinkaperekedwa, bajeti inkalembedwa chaka ndi chaka. Chimene chinasowa ndi munthu wofunsa. Komiti ya zachuma imene imayenera kuunika mabuku a khonsolo imapangidwa ndi makhansala, ndiye popanda iwo ogwiritsa ntchito ndalama ankadziyang'anira okha. Boma linaika mabwalo okambirana a mafumu, aphungu ndi amabungwe kuti atseke dzenjelo, koma bwalo lotere linalibe mphamvu za khonsolo yosankhidwa. Malamulo ang'onoang'ono a m'tauni, monga a misika, a zomangamanga ndi a zindapusa, amapangidwa ndi msonkhano wa khonsolo yonse asanapite kwa nduna, choncho ambiri anangokalamba pomwepo, chindapusa n'kusanduka ndalama yoseketsa. Ndi m'nyengo yomweyi, mu 2006, pamene thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu, CDF, linayamba, ndipo anthu anazolowera kuti mjigo, mlatho ndi buloko ya sukulu amabweretsa ndi phungu. Makhansala atabwerera anapeza ntchito yawo ili ndi mwini kale. Mkangano wa khansala ndi phungu umene mumaumva pa wailesi unabadwira pamenepo.

Ndiye Zomba inalandira ulemu wokhala mzinda wachinayi, pambuyo pa Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu, popanda munthu ndi mmodzi yemwe wosankhidwa m'mawodi woti afunse kuti ulemuwo ukubwera ndi ndalama zingati, kapena kuti msonkho wa nyumba usintha bwanji. Patapita zaka ziwiri, mu 2010, Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo lija pamene makhansala oti adandaule kunalibe. Dzina linabwerera kukhala khonsolo, mawodi m'dziko muno anachepetsedwa pafupifupi ndi theka, mphamvu yosankha mkulu wa khonsolo inapita kwa nduna, ndipo aphungu anapatsidwa voti m'khonsolo. Pa zisankho za mameya zotsatira, phungu ankaponya nawo voti, ndipo pa gulu laling'ono chonchi voti imodzi imatembenuza zinthu. Mu 2025 khoti linagamula kuti voti ya aphungu m'makhonsolo ikusemphana ndi malamulo aakulu a dziko.

Kuyambira 2014 mndandanda wa mameya ndi wosavuta kutsata, ndipo anayi oyamba ndi awa: Joana Ntaja, kenako Melia Douglas, ndipo chitatha chisankho cha 2019 Benson Bulla, pambuyo pake Davie Maunde. Kuti mayina awiri oyambawo ndi a amayi n'chinthu chimene olemba mbiri ya ndale za dziko lino sachitchula mokwanira.

Wofuna kulemba mndandanda wodalirika wa zaka zam'mbuyo asayambire pa Facebook kapena pa zimene akukumbukira agogo, ngakhale agogowo angathandize kuloza koyang'ana. Ayambire pa maminitsi a msonkhano woyamba wa khonsolo yonse chitangotha chisankho, chifukwa m'menemo ndi mmene mumalembedwa amene anasankhidwa, tsiku lake ndi mavoti. Atsimikize mu Gazeti ya boma kuti munthuyo analidi khansala komanso wa wodi iti. Mapepala akale amasungidwa ku National Archives, komwe ku Zomba, nyumba imene inayamba ntchito mu 1947. Pali misampha itatu imene imagwetsa ambiri. Wachiwiri kwa meya akagwirizira mpando chifukwa cha imfa kapena matenda, nyuzipepala zimamutcha meya pamene sanasankhidwe, ndiye tsiku loyambira limalakwika. Mutu waudindo nawonso umasintha ndi nthawi, lembani umene uli papepala la chaka chimenecho, kaya ndi tcheyamani kaya ndi meya. Msampha wachitatu ndi kusokoneza makhonsolo awiri. Khonsolo ya mzinda wa Zomba ndi ina, khonsolo ya boma la Zomba ndi inanso. Chinamwali ndi Sadzi zili mumzinda, Thondwe, Jali ndi Domasi zili ku khonsolo ya boma, kumene kuli tcheyamani ndi DC. DC si bwana wa meya. Ndipo zaka zimene kunalibe munthu, lembani kuti kunalibe.

Koma kusadziwa mbiriyi sikumangolakwitsa homuweki, kumadyetsa anthu ndalama. Madobadoba amadalira chikhulupiriro chomwechi chakuti meya akanena zatheka. Munthu akakuuzani kuti "abwana meya avomera kale, ingoperekani kangachepe puloti ituluke," dziwani kuti akukuberani, chifukwa ngakhale meyayo atafunadi kukuthandizani alibe mphamvu imeneyo. Puloti ndi pulani ya nyumba zimadutsa ku ofesi yoona za mapulani ndi komiti yake, ndipo chilolezo chimabwera cholembedwa. Ndalama iliyonse ya khonsolo imalipiridwa pa kauntala kapena ku akaunti ya khonsolo kubanki, n'kulandira lisiti ya khonsolo ya nambala. Kapepala kolembedwa pamanja ndi wapampando wa m'dera, ngakhale kakhale ndi chidindo chachikulu bwanji, sikaletsa khonsolo kugumula nyumba yomangidwa m'malo a msewu kapena m'mbali mwa mtsinje wa Likangala. Meya amene mukumudalirayo pakatha zaka ziwiri ndi theka akhoza kubwerera pa benchi ya makhansala, fayilo yanu n'kutsala ndi anthu amene sanamvepo lonjezo lake.

China ndi kuchedwa. Dandaulo la ngalande kapena mlatho lili ndi njira yake: kwa khansala wa wodi yanu ndi komiti ya chitukuko ya m'wodimo, kuchoka apo ku komiti ya khonsolo yoona za ntchitoyo, kenako ku msonkhano wa khonsolo yonse kuti lilowe m'bajeti. Chaka cha ndalama za boma tsopano chimayamba pa 1 Epulo, ndiye bajeti imaphikidwa miyezi ingapo tsikulo lisanafike. Mukabwera ndi kalata mu Meyi, mwadikira chaka china. Lembani kalata, ikhale ndi tsiku, musunge kope lodindidwa kuti yalandiridwa. Chimodzimodzi msonkho wa nyumba. Umawerengedwa kuchokera pa mtengo wa nyumba umene uli m'kaundula wa khonsolo, amene amayenera kukonzedwanso zaka zisanu zilizonse. Kaundulayo akaikidwa poyera pamakhala masiku owerengeka oti mutsutse mtengo ngati aukweza mopitirira. Ambiri amangokhala, n'kudzathamangira kwa meya bilu itafika, nthawi yotsutsa itatha ndipo chiwongoladzanja chayamba kuwerengedwa.

Ngati ofesi ikukanizani maminitsi kapena bajeti, musakangane ndi mlonda pageti. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza uthenga linayamba kugwira ntchito mu Sepitembala 2020, ndipo limapatsa ofesi ya boma masiku 15 ogwira ntchito kuti iyankhe. Kalatayo ilembedwe kwa mkulu wa khonsolo, ndipo mutchule msonkhano wake ndi chaka chake.