Mwana Akamwa Panado Wambiri, Musadikire Kuti Ayambe Wadwala

Makolo ndi onse olera ana, uthenga uwu ukukhudza mankhwala amene ali pafupifupi m'nyumba iliyonse: panado, amene dzina lake lenileni ndi paracetamol. Timagula pa okala, timalandira kuchipatala, timasunga pawindo kapena m'chikwama. Ndi mankhwala abwino akamwedwa pa mlingo wake. Koma mwana akamwa wambiri, amawononga chiwindi mwakachetechete, ndipo tsiku loyamba mwanayo amatha kumathamanga pabwalo ngati palibe chachitika. Apa ndi pamene ambiri timanamizika.

Ndinaonapo mayi wina atabwera kuchipatala ndi kamwana ka zaka 2, maso atayamba chikasu, kakungogona kumbuyo. Nditafunsa bwinobwino, anati Lolemba anapeza botolo la panado wamadzi lili gwaa, mwana ali ndi zomata kukamwa. Anamupatsa mkaka, mwanayo nkusanza kamodzi, kenako nkudya nsima nkukasewera. Iwo mtima unakhala pansi. Tsiku limene anabwerali linali Lachinayi. Mayiyo sanali wosasamala ayi, mwana wawo ankamukonda kwambiri. Anangokhulupirira zimene maso awo anaona.

Mlingo woyenera wa mwana ndi mamiligalamu 10 mpaka 15 pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwake, ndipo asamwe koposa kanayi pa maola 24. Mwana wolemera makilogalamu 10 amafunika mamiligalamu 100 mpaka 150 pa nthawi imodzi. Mbulu umodzi wa akuluakulu uli ndi mamiligalamu 500. Ngozi yaikulu imayambira pa mamiligalamu 150 pa kilogalamu, kutanthauza kuti kwa mwana ameneyu mibulu 3 yokha ndi yokwanira kuvulaza chiwindi. Botolo la mamililita 100 la panado wamadzi, uja wa mamiligalamu 120 pa mamililita 5, lili ndi mamiligalamu 2,400. Ndipo ndi wotsekemera, ana amamwa ngati chakumwa.

Sikuti nthawi zonse mwana amadzitengera yekha. Kawirikawiri ndife akuluakulu. Thupi latentha usiku, mayi apereka, bambo pobwera apereka, agogo m'mawa aperekanso, aliyense osadziwa kuti mnzake wapereka kale. Ena amayeza ndi supuni ya phala m'malo mwa kakapu kobwera ndi botolo, chonsecho supuni yaikulu imalowa pafupifupi katatu kuposa yaing'ono. Ena amaphatikiza panado ndi mankhwala a chimfine amene alinso ndi paracetamol m'kati. Kupyola mlingo pang'onopang'ono kwa masiku awiri kapena atatu n'koopsa chimodzimodzi.

Nanga m'thupimo mumachitika chiyani? Chiwindi ndi chimene chimaphwanya mankhwalawa. Pophwanyapo pamatuluka kapoizoni kochepa kotchedwa NAPQI, kamene chiwindi chimakafafaniza ndi chinthu china chotchedwa glutathione. Mankhwala akachuluka, glutathione amatha, poizoni uja nkuyamba kudya maselo a chiwindi. Amafika mpaka m'tizigawo ta selo timene timawotcha mafuta kuti thupi lipeze mphamvu. Tikazima timeneti, zili ngati mbaula yazima koma anthu akuthirabe makala.

N'chifukwa chake mafuta a m'magazi amasintha. Anthu ambiri akamva za mafuta a m'magazi amaganiza za akuluakulu onenepa odwala BP, koma ngakhale khanda lili nawo, ndipo chiwindi ndiye mwini ntchito yake. Chimapanga kolesterolo (mtundu wina wa mafuta a m'magazi), chimalongedza mafuta nkuwatumiza m'magazi, chimapanganso mafuta amene amamanga khungu la selo lililonse. Chikavulala kwambiri, kolesterolo amatsika, makamaka wa mtundu wotchedwa HDL, uja amati ndi wabwino, chifukwa wopanga wake wafooka. Kutsika kotereku si thanzi, ndi chizindikiro cha chiwindi chimene chikulephera ntchito.

Ofufuza a ku Little Rock, m'chigawo cha Arkansas ku America, anayeza magazi a ana amene anagonekedwa m'chipatala atamwa paracetamol wopyola mlingo. Mu 2014 anafalitsa zoti m'magazi a anawa munachuluka ma acylcarnitine, amene ndi mafuta onyamulidwa kuti akawotchedwe koma osawotchedwa. Mu 2016 anaonetsanso kuti ma phospholipid, mafuta omanga khungu la maselo aja, anali atasintha powayerekeza ndi a ana abwinobwino. Mayina ovutawa musavutike nawo kuloweza, ndipo sizoyeza zimene mungakapemphe pa chipatala chaching'ono. Chimene ndikufuna mumve ndi ichi: magazi amanena zoona pamene nkhope ikadali yowala. Diso la mayi, ngakhale la dokotala amene, silingaone mafuta a m'magazi.

Matendawa amayenda motere. Maola 24 oyamba mwana amatha kuchita nseru, kusanza, kutuluka thukuta, kapena osaonetsa kalikonse. Tsiku lachiwiri ndi lachitatu kusanza kumatha kuleka, anthu nkumati wachira, pamene chiwindi chikutupa ndipo m'mimba mukupweteka kumanja pansi pa nthiti. Tsiku lachitatu kapena lachinayi ndi pamene pamabwera chikasu m'maso, kugona kosadzutsika, kusokonezeka mutu, shuga kutsika, magazi kutuluka m'nkhama kapena m'mphuno osaleka. Pofika apa ntchito yopulumutsa mwana yakula kwambiri, ndipo ena sitiwapulumutsa.

Mankhwala othetsa poizoniyu alipo, dzina lake N-acetylcysteine. Amathandiza chiwindi kupanganso glutathione, ndipo amagwira bwino kwambiri akayambidwa maola 8 asanathe kuchokera pamene mwana wamwa. Maola 8 amenewa ndi omwe ajatu mwana amakhala akusewera. Mukadikira kuti adwale kaye, mwataya nthawi yabwino yonse. Komabe ngakhale papita tsiku kapena awiri, pitani ndithu, mankhwalawa amathandizabe. Musachite manyazi kuti mwachedwa, ndipo musaope kuti akakukalipirani.

Tsono za mkaka. Ndamva kambirimbiri kuti mkaka umapha poizoni, ena amati mafuta ophikira amatsuka m'mimba, ena dzira laliwisi, ena madzi a mchere kuti asanze. Chonde lekani. Mkaka sufika kumene poizoniyu akugwira ntchito, chifukwa pakatha maola ochepa mankhwala amakhala atalowa kale m'magazi. Mafuta ophikira sangakonze mafuta a m'magazi amene asokonekera, ndipo mwana akatsamwa nawo amalowa m'mapapo. Madzi a mchere wambiri pawokha amatha kupha mwana wamng'ono. Kumupisa chala kukhosi nakonso ayi. Mwina munamva kuti kuchipatala amapereka makala: ndi makala okonzedwa mwapadera, operekedwa makamaka mu ola loyamba, osati a pa mbaula osinja mu mtondo. Choipa chachikulu cha njira zonsezi n'chakuti zimakukhazikani mtima pansi, inu nkukhala pakhomo.

Pali ana ena amene chiwindi chawo sichichedwa kugonja. Mwana wonyentchera, makamaka wotupikana, amakhala ndi glutathione wochepa kale. Chimodzimodzi amene wakhala masiku angapo osadya bwino chifukwa cha matenda, amene akumwa mankhwala a TB monga isoniazid ndi rifampicin, kapena a khunyu monga phenobarbital ndi carbamazepine. Kwa ana otere musayese n'komwe kuwerengera nokha ngati mlingo wapyola pang'ono kapena kwambiri.

Asipirini ndiye musapatse mwana wosakwana zaka 16 pokhapokha dokotala atalamula. Mwa ana odwala chimfine kapena katsabola, asipirini amatha kuyambitsa matenda a Reye, amene anafotokozedwa ku Australia mu 1963, pamene mafuta amaunjikana m'chiwindi ndipo ubongo umatupa. Ibuprofen naye akachuluka amavulaza m'mimba ndi impso.

Kumbukiraninso kuti panado amangotsitsa kutentha ndi kuchepetsa ululu, sachiza malungo. Thupi likatenthanso musawonjezere mlingo, pitani mukayezetse magazi. M'nyumba mukhale munthu mmodzi wopereka mankhwala, ndipo azilemba nthawi imene wapereka, ngakhale pachikuto cha kope. Mlingo mufunse kwa alangizi a zaumoyo kapena ku sikelo, malinga ndi kulemera kwa mwana, osati zaka zake zokha. Mankhwala akhale pamwamba potsekeka, osati pansi pa pilo kapena m'chikwama cha agogo chimene zidzukulu zimapisamo kufuna switi. Ndipo musamamunyengerere mwana kuti mankhwala ndi switi.

Mukapeza paketi yong'ambika kapena botolo lachepa, ndipo simukudziwa kuti wamwa wochuluka bwanji, muyese kuti wamwa yense amene akusowayo. Kaya ndi usiku, kaya mwana akuseka, muberekeni, pezani kabaza, nyamukani. Tengani paketi kapena botolo lija, buku lake la kuchipatala, ndipo kumbukirani nthawi imene mukuganiza kuti anamwa, chifukwa achipatala amawerengera maola kuchokera pamenepo. Mukafika musakhale pamzere. Uzani namwino woyamba kumuona kuti mwana wamwa panado wambiri, ndipo mutchule nthawi yake.