Kuimitsidwa sukulu si chigamulo cha khoti

Kwa zaka zambiri takhala tikumva zoti wophunzira wa pa yunivesite akagwirira mnzake n'kuimitsidwa sukulu, mlandu watha basi. Anthu amakwiya kuti chilangocho n'chochepa, ndipo m'pomveka. Koma komiti yosungitsa mwambo pasukulu imangoona zophwanya malamulo a sukuluyo, ilibe mphamvu yotsekera munthu m'ndende. Wogwiriridwa akhozabe kukadandaula kupolisi, mlandu n'kupita kukhoti. Ndime 133 ya Penal Code, lamulo la milandu ndi zilango la Malawi, imalola kuti wogwirira apatsidwe chilango cha ndende moyo wonse, ngakhalenso imfa. Majisitireti akapereka zaka zochepa, khoti lalikulu likaunikanso chigamulocho limatha kuziwonjezera.

Mukalandira uthenga wa "wagwirira koma wangomasulidwa", funsani kaye: lagamula ndi khoti liti, nambala ya mlandu ndi iti? Ngati zimenezi palibe, musautumize kwa ena.