Kukulipirani kamodzi si umboni wa laisensi

Zaka zikupita koma ndikumvabe anthu akuti tsamba la juga la pa intaneti likakulipirapo kamodzi, basi ndi lodalirika. Ayi ndithu. Masamba ambiri opanda laisensi amalipira msanga tindalama tochepa kuti muzolowere. Mukadzawina zochuluka mpamene amayamba kuitanitsa zikalata zosatha, kapena kungotseka akaunti. Mudzakadandaula kuti? Palibe bungwe lowayang'anira, pomwe chithunzi cha chitupa chanu ndi nambala za khadi zili kale m'manja mwawo.

Kufufuza nkosavuta. Tengani nambala ya laisensi imene ili pansi pa tsambalo, mukaiyang'ane pa mndandanda wa bungwe la boma loona za juga, chifukwa chizindikiro chokha aliyense angathe kuchikopera. Adiresi ya tsambalo ifanane ndendende ndi imene ili pa mndandandawo. Musanatsimikize, chonde musauze anzanu kuti nzabwino.