Chifukwa chake a Mapanje ankalemba ngati bilimankhwe

Chaka chilichonse ndikamayamba phunziro la ndakatulo ndi ana a Fomu 3, ndimawafunsa kuti a Jack Mapanje kwawo nkuti. Ena amati ku Zomba, ena ku Blantyre. Ndikawauza kuti anabadwira m'mudzi wa Kadango, m'boma lathu lomweli la Mangochi, m'chaka cha 1944, m'kalasi mumangoti zii. Zimandipweteka kuti mwana wakwathu amene amawerengedwa m'mayunivesite akunja, kuno kwawo dzina lokha nlachilendo.

Ana akayamba kuwerenga amadandaula kuti bamboyu amazungulira, salunjika. Nzoona, koma kuzungulirako ndiye luso lawo, ndipo nkwathukwathu. Mayi amene wakwiya ndi mwamuna wake sapita kukamulalatira pabwalo. Amatenga musi, nkuyamba kusinja, nkuimba nyimbo ya tambala woyendayenda. Mudzi wonse umamva amene akunenedwa, koma mwamunayo alibe pogwira, poti dzina lake silinatchulidwe. A Mapanje anatenga nzeru ya pamtondoyi nkuilowetsa m'Chingerezi, nthawi imene kutchula dzina la wamkulu molakwika kukanakutayitsa moyo.

Taonani ndakatulo yawo ya nkhuku, ya mu 1970, chaka chimene John Vorster, nduna yaikulu ya boma la tsankho la South Africa, anabwera kudzacheza kuno. Nkhuku zikufunsa mbuye wawo: inu amene munkatiteteza kwa akabawi, lero bwanji mukutizinga kuti alendo adye? Palibe dzina la munthu, palibe la dziko. Wapolisi akaiwerenga aona nkhani ya pakhomo. Mmalawi amene anaona mlendo uja akulandiridwa ndi ulemu adziwa kuti nkhukuzo ndani. Mtsikana wina m'kalasi mwanga, titangomaliza kuiwerenga, anati, “Aphunzitsi, kwathu nkhuku ikaona alendo imathawira kuseri kwa nkhokwe.” Anali ataimva kale ndisanafotokoze.

Ndiye chifukwa chake buku lawo loyamba, limene kampani ya Heinemann inasindikiza mu 1981, analitcha Of Chameleons and Gods. Bilimankhwe amasintha maonekedwe kuti apulumuke, amayenda mwa phazi limodzilimodzi, ndipo m'nthano zathu ndiye anatumidwa ndi Chauta kukapereka uthenga kwa anthu. Mlakatuli wa nthawi ya Dr Banda anali wotero: uthenga ali nawo, koma ayenera kuunyamula mobisa. Luso limeneli iwo ndi anzawo ankasulirana m'gulu la alembi la Writers' Group, limene linayamba ku Chancellor College mu 1970.

Kubisako sikunawatchinjirize mpaka kalekale. Mu 1985 bukuli linachotsedwa m'masitolo ndi m'malaibulale. Pa 25 September 1987 anawagwira ku Gymkhana Club ku Zomba, ali mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi ku Chancellor College, nkukawatsekera ku ndende ya Mikuyu. Mlandu sanawauze, kukhoti sanawatengere. Anakhalamo zaka zitatu, miyezi isanu ndi iwiri ndi masiku 16, mpaka May 1991, alembi a m'maiko ambiri atachita phokoso.

M'ndendemo cholembera ndi pepala zinali zoletsedwa, choncho ndakatulo ankazipeka m'mutu nkumazibwereza kuti zisathawe, monga momwe agogo amasungira nthano. Zambiri zinadzatuluka m'buku la The Chattering Wagtails of Mikuyu Prison mu 1993, iwo atasamukira kale ku England. Mukaliyerekeza ndi loyamba lija muona kusintha: bilimankhwe wavula mitundu, mawu alunjika, anthu akutchulidwa maina. Ine ndimakondabe loyamba, chifukwa limamulemekeza wowerenga pomusiyira ntchito yomasula mfundo yekha. Komabe sindingamuuze munthu amene anagona pasimenti zaka zonsezo kuti apitirize kunong'ona.

Anatulutsanso Skipping Without Ropes mu 1998, The Last of the Sweet Bananas mu 2004, Beasts of Nalunga mu 2007 ndi Greetings from Grandpa mu 2016. Wofuna mbiri ya m'ndende yosaphiphiritsa awerenge And Crocodiles Are Hungry at Night, la mu 2011.

Pasukulu pathu tili ndi kope limodzi lokha la buku loyamba lija, langa, chikuto chake nchomata ndi selotepi. Ndakatulo ya nkhuku ndimailemba pabolodi ndi choko, ana nkukopera m'makope mwawo, ndipo sabata yatha mnyamata wina wa ku Makanjira anandipempha bukulo kuti akawerengere agogo ake pa holide.