Digiri ya kayendetsedwe ka masewera siipangitsa munthu kukhala kochi

Kwa nthawi yaitali anthu ambiri akhala akuganiza kuti wophunzira kayendetsedwe ka masewera ku yunivesite akamaliza amakakhala pa benchi n'kumasankha osewera olowa m'bwalo. Maganizo amenewa ndi olakwika, chifukwa ukochi uli ndi njira yakeyake. Mu Africa muno kochi wa mpira wamiyendo amakwera ndi ziphaso za CAF, bungwe loyendetsa mpirawu mu Africa, kuyambira D, C, B, A mpaka Pro, ndipo ku Malawi maphunziro ake amadzera ku FAM, bungwe loyendetsa mpira m'dziko muno.

Digiriyi imaphunzitsa ntchito za muofesi, monga kulemba bajeti ya timu, kusaka makampani oithandiza ndi ndalama, kuwerenga makontrakiti a osewera, kugulitsa matikiti, ndi kukwaniritsa zofunika pa layisensi ya kalabu, yomwe timu ikapanda kukhala nayo siiloledwa m'mipikisano ya CAF. Kunena zoona, matimu athu ambiri amagwera pa zimenezi, pakuti makochi alipo koma odziwa kusunga mabuku a ndalama ndi ochepa. Chitsanzo chodziwika cha maphunzirowa ndi FIFA Master, yomwe inayamba m'chaka cha 2000. Ophunzira amayamba ndi mbiri ya masewera ku Leicester ku England, kenako kayendetsedwe ka bizinesi ku Milan ku Italy, n'kukamalizira malamulo ku Neuchâtel ku Switzerland, ndipo m'zigawo zonsezi mulibe phunziro la kaphunzitsidwe ka osewera pa bwalo.

Ngakhale wofuna kukhala ejenti wa osewera sapeza chilolezo chifukwa cha digiri, popeza kuyambira 2023 FIFA imafuna kuti olowa kumene ntchitoyi ayambe akhoza mayeso ake.