Banja latha, ngongole ya nyumba ikadalipo: mafunso ndi mayankho

Muno mu Zomba alipo mabanja amene anatenga ngongole ku banki onse awiri n'kumanga kapena kugula nyumba, kaya ku Matawale kaya ku Chinamwali, nyumbayo n'kukhala chikole. Banja likatha, mafunso amabwera motere.

Ine ndinatulukamo kale m'nyumbamo. Ndizilipirabe?

Inde, muzilipirabe. Banki sinali nawo pa chinkhoswe chanu, ndipo kutha kwa banja sikufufuta dzina lanu pa mapepala amene munasainira. Kawirikawiri mgwirizano wa ngongole ya anthu awiri umati aliyense ali ndi udindo pa ngongole yonse, osati theka lake. Mnzanuyo akasiya kupereka, banki ibwera kwa inu. Chiwongoladzanja chimangounjikana, dzina lanu n'kulowa m'kaundula wa anthu osabweza ngongole, moti mawa lino simungakongolenso kwina mosavuta. Zikafika poipa banki imakulemberani kalata yochenjeza, kenako ili ndi mphamvu yogulitsa nyumbayo. Imayamba yachotsa zake, inu mugawane zotsala, ngati zatsala. Zimandiwawa kuona ana akusamutsidwa chifukwa choti bambo ndi mayi amakhaulitsana posiya kulipira. Pitani ku banki msanga mukawauze mmene zinthu zilili, musanaphonye mwezi ndi umodzi womwe.

Nanga nyumbayo tichite nayo chiyani?

Mutha kuigulitsa mogwirizana, kubweza ngongole, n'kugawana zotsala. Kapena mmodzi aitenge n'kumubwezera mnzake gawo lake, katswiri atawerengera mtengo wake wa lero. Apa chenjerani. Kungogwirizana pamaso pa ankhoswe kuti "nyumba ndi yanu mayi, muzilipira nokha" sikumasula bamboyo ku ngongole. Banki iyenera kuvomereza, ndipo imayamba yaona ngati malipiro a munthu mmodziyo angakwanitse. Ikakana, mayina onse awiri akhalapobe.

Ena amaika anthu a lendi kuti ndalamayo izipita ku ngongole. Pafupi ndi University of Malawi ophunzira ofuna pogona sasowa. Koma lendiyo izilowa mu akaunti ya ngongole, isamadzere m'thumba la wina, ndipo mulemberane.

Tikapita ku khoti agawa pakati?

Osati nthawi zonse. Lamulo la maukwati la 2015 limati katundu agawidwe mwachilungamo, poona zimene aliyense amapeza, zosowa zake, zaka zake zakubadwa, thanzi, ndi zimene anaikapo. Ntchito zapakhomo zimawerengedwanso. Mayi amene ankalera ana, kuphika ndi kugula ndiwo ndi ndalama za geni yake pamene banki inkadula malipiro a bambo, nayenso anaikapo pa nyumbayo. Gawo 24 la malamulo aakulu a dziko lino limamuteteza pa katundu amene anali wa onse awiri. Khoti limaganiziranso kumene ana azikhala.

Choncho sungani umboni: malisiti a simenti ndi malata, masitetimenti a ku banki, ngakhale mauthenga a Mpamba kapena Airtel Money osonyeza kuti munatumiza ndalama kwa mmisiri.

Ife tinangolowana, chinkhoswe panalibe.

Lamulo lomwelo limalola khoti kuzindikira ukwati wotero ngati mwakhala limodzi zaka zosachepera 5, poonanso mmene munkakhalira komanso ngati pali ana. Koma ku banki zilibe kusiyana, wosainira ndi wosainira.

Ndamva kuti mnzanga akufuna kuigulitsa nyumbayo mobisa. Nditani?

Ngati chikalata cha umwini chili ndi mayina onse awiri, sangagulitse popanda inu kusainira, ndiponso banki iyenera kulola chifukwa nyumbayo ndi chikole chake. Ngati pali dzina lake lokha, musazengereze. Mutha kulembetsa chenjezo ku ofesi ya za malo kuti umwini usasinthidwe inu osadziwa, kapena kupempha chiletso ku khoti. Ndalama ya loya ikavuta, pitani ku ofesi ya Legal Aid Bureau konkuno ku Zomba mutatenga mgwirizano wa ngongole, kope la chikalata cha nyumba ndi malisiti anu onse.